Mphuno Yotseka ndi Chiuno Chowawa: Pulogalamu ya Amayi Oyembekezera a ku Epworth

(Nyimbo yotsegulira, kenako itsike pang'onopang'ono)

WOULUTSA: Takulandirani nonse amene mwatsegula wailesi madzulo ano, makamaka inu a ku Epworth: a ku Overspill, Domboramwari, Chiremba, Zinyengere, Makomo, Magada, osaiwala inu a ku Stopover. Ambiri mwa inu makolo anu anachokera ku Malawi, ena ku Tete, ena ku Chipata, choncho tikambirana m'chinenero cha makolo athuwo. Lero tili pa madandaulo awiri amene amayi oyembekezera amangopirira nawo osauza munthu: mphuno yotseka usiku wonse, ndi kuwawa kwa chiuno, msana ndi m'mfundo. M'nyumba ino ndili ndi namwino amenenso ndi mzamba. A Sisitala, takulandirani.

NAMWINO: Zikomo bambo. Moni kwa amayi onse, komanso kwa azibambo amene aganiza zosintha siteshoni poti nkhaniyi ndi ya akazi. Musasinthe, mbali yanu ikubwera.

WOULUTSA: Mwamva nokha. Tiyambe ndi mphuno. Mwezi wa Juni ndi Julayi kuno ku Harare aliyense amakhala ndi chimfine. Nanga cha mayi woyembekezera chasiyana pati?

NAMWINO: Nthawi zambiri sichikhala chimfine n'komwe. Mayi akaima, magazi m'thupi mwake amawonjezereka, pofika kumapeto amakhala atachuluka pafupifupi ndi theka la mmene analili. Mahomoni nawonso amakwera. M'kati mwa mphuno muli timitsempha tambirimbiri ta magazi, ndipo timeneti tikadzaza, khungu la m'mphunomo limafufuma, njira ya mpweya n'kuchepa. Mayi amangoona mphuno yatseka, mamina amadzimadzi akutuluka, koma thupi silikutentha, pakhosi sipakuwawa. Zimenezi zimagwera pafupifupi mayi mmodzi mwa asanu alionse. Zimatha kukhala masabata 6 kapena kuposa, ndipo chokondweretsa n'chakuti mayi akachira, pasanathe masabata awiri mphuno imatseguka yokha. Timitsempha tomweto ndi timene timachititsa kamfuno, moti ena amaona timagazi akamamina.

WOULUTSA: Ndiye kuti munthu akhoza kumamwa mankhwala a chimfine miyezi iwiri, chimfinecho kulibe.

NAMWINO: Pamenepo ndi pamene pali nkhawa yanga. Mphuno yotsekayo siipweteka mwana. Chimene chingamupweteke ndi zimene mayi akumeza pofuna kuitsegula. Taonani mmene timagulira mankhwala kuno: patakishopu, kwa mayi wa patebulo pasiteji ya makombi, kapena kwa mnzathu amene wabwera nawo kuchokera ku Johannesburg. Mapiritsi awiriawiri odula ndi lumo, opanda bokosi, opanda kapepala. Mankhwala ambiri a chimfine ndi osakaniza, m'piritsi limodzi muli zinthu zitatu kapena zinayi. China mwa izo chimakhala pseudoephedrine kapena phenylephrine. Ntchito yake ndi kufinya mitsempha ya magazi kuti mphuno iphwe. Vuto n'lakuti piritsi silisankha mphuno yokha, limafinya mitsempha thupi lonse, ndipo limatha kukweza BP. N'chifukwa chake sitilola mankhwala amenewa m'miyezi itatu yoyamba, ndipo mayi amene BP yake ndi yokwera asawayandikire mpaka atachira.

WOULUTSA: Nanga aja opopera m'mphuno, monga Otrivin ndi Iliadin? Amene aja ukangopopera, mphindi zochepa wayamba kupuma.

NAMWINO: Amatseguladi, sindingatsutse. Koma ali ndi msampha. Ukawagwiritsa ntchito masiku angapo motsatizana, mphuno imazolowera, ndipo mphamvu yake ikatha imatseka kuposa poyamba. Munthu amapoperanso, n'kupoperanso, mpaka botolo limagona kunsi kwa pilo. Kwa munthu wa chimfine cha masiku atatu, msamphawo saugwera. Koma mphuno ya pakati ndi ya masabata ambiri. Choncho ngati namwino kapena wa kufamase wakulolani, musapyole masiku atatu, ndipo muuzeni poyamba kuti ndinu woyembekezera, ngakhale mimba isanaoneke. Amayi athu ambiri amabisa pakati miyezi yoyambirira, mwambo ndi umenewo, ndipo ine sindikuuletsa. Bisirani aneba, koma wogulitsa mankhwala ndi namwino musawabisire. Munong'onezeni.

WOULUTSA: Chabwino, mwatilanda mapiritsi, mwatilanda chopopera. Mutipatsa chiyani?

NAMWINO: Madzi ndi mchere. Musaseke bambo, ndi mankhwala enieni, ndipo m'famase amagulitsa omwewo m'kabotolo. Amayi, tengani cholembera kapena mungomvetsera bwino. Wiritsani madzi mpaka abwate ndithu. Apa ndikutsindika chifukwa ambiri kuno ku Epworth timatunga pachitsime kapena pamjigo, ndipo zitsime zina zili pafupi ndi zimbudzi. Madzi olowa m'mphuno akhale owiritsa basi. Akazizira n'kukhala ofunda pang'ono, dzazani kapu imodzi ya tiyi, ya mamililita 250, muthiremo theka la sipuni yaing'ono ya mchere. Theka, osati sipuni yodzaza. Mukachulutsa mchere mphuno iwawa ndipo mudzandida. Takasani mpaka mchere usungunuke. Sambani m'manja ndi sopo. Kenako weramirani pabeseni, thirani timadzito pachikhatho, tsekani mphuno imodzi ndi chala, inayo mukoke madziwo pang'onopang'ono, n'kuwalola atuluke. Amene ali ndi sirinji yatsopano yopanda singano akhoza kuthira ndi imeneyo, mutu utapendekera kumbali. Chitani kawiri kapena katatu patsiku, makamaka musanakagone. Otsala tayani, mawa mupange ena.

WOULUTSA: Theka la sipuni yaing'ono, kapu imodzi, madzi owiritsa.

NAMWINO: Eya. Chachiwiri ndi kagonedwe. Munthu akagona chathyathyathya magazi amadzaza m'mphuno. Kwezani kumutu. Amene ali ndi bedi aike njerwa kunsi kwa miyendo ya kumutu, amene amagona pansi apinde bulangete aike kunsi kwa matiresi kapena mphasa, kuti chifuwa ndi mutu zikwere pamodzi. Kungounjika mapilo kumutu kumathyola khosi. Ndiponso kuyenda ndawala pang'ono, mpaka thupi litenthe, kumatsegula mphuno kwa kanthawi. Ambiri sakhulupirira mpaka atayesa.

WOULUTSA: Pali funso limene sitingalilumphe. Kuyambira nthawi ya Covid-19, m'makomo ambiri anthu anazolowera kufukiza: madzi owira, masamba a zumbani kapena a bulugamu, bulangete kumutu. Mayi woyembekezera angatero?

NAMWINO: Nthunzi imafewetsa mamina, ndipo munthu amamvako bwino pang'ono. Koma kudzikwirira thupi lonse m'bulangete ndi poto wowira, mpaka thukuta kamukamu, zimenezo ayi. Mayi woyembekezera sachedwa kuchita chizungulire, ndipo akakomokera papoto wa madzi owira, tikhala tikuchiza zilonda za moto m'malo mwa mphuno. Kutenthetsa thupi kwambiri m'miyezi yoyambirira sikwabwinonso kwa mwana amene akuumbika. Ngati mukufuna nthunzi, khalani pampando, beseni patebulo, madzi otentha koma osabwata, mupume mphindi zochepa. Za kumwa masamba owiritsa, ine ndimati dikirani muchire kaye. Tsamba limene agogo amamwa bwinobwino silinapimidwe pa mwana wa m'mimba, ndipo mlingo wake palibe amauyeza. Ena amapaka Vicks. Pachifuwa mukhoza kupaka pang'ono, koma m'kati mwa mphuno musalowetse, ndipo dziwani kuti imangopereka kuzizira kumene kumakunamizani kuti mphuno yatseguka. Fodya wa m'mphuno, amene ena amanunkhiza kuti ayetsemule, ndi fodya ndithu. Amafika kwa mwana.

WOULUTSA: Tsono utsi? Magetsi akazima, kapena kumene sanafike n'komwe, timaphikira nkhuni, makala, ena mpaka mapulasitiki poyatsira moto.

NAMWINO: Utsi ndi fumbi ndi zimene zimakulitsa vutoli kuno kwathu. Misewu yambiri ya m'kati mwa Epworth ndi yadothi, ndipo mphepo ya Ogasiti ikayamba fumbi limalowa mpaka m'mbale. Wazani madzi musanasese. Phikirani panja kapena chitseko chili chotsegula. Bambo wosuta akasutire kutali. Ndipo ndipemphe chinthu chimodzi ndi mtima wonse: m'nyengo yozizira musagone ndi mbaula m'chipinda chotseka. Makala amatulutsa mpweya wopanda fungo umene umapha anthu ali m'tulo, ndipo mwana wa m'mimba umamupweteka kwambiri kuposa mayi ake. Mutu ukamawawa m'mawa uliwonse mutagona ndi mbaula, musafunefune Panado, tulutsani mbaulayo.

WOULUTSA: Pali ena amene mphuno zawo zimayabwa mitengo ya jakaranda ikachita maluwa, chakumapeto kwa Seputembala ndi mu Okutobala.

NAMWINO: Amenewo ndi ena. Kuyetsemula motsatizana, maso kuyabwa ndi kutuluka misozi, nthawi zambiri ndi thupi kudana ndi mungu kapena fumbi. Alipo mankhwala amene timapereka kwa oyembekezera pa vuto limeneli, monga chlorpheniramine, amene ambiri amawadziwa kuti Piriton, kapena loratadine. Koma abwere tiwaone kaye, chifukwa pa mphuno ya pakati yeniyeni mankhwala amenewa sathandiza kwenikweni. Makapisozi a maantibayotiki ogula mumsewu nawonso sathandiza, ndipo ena mwa iwo, monga doxycycline, amatha kuwononga mano ndi mafupa a mwana.

(Nyimbo yaifupi)

WOULUTSA: Mukumvera pulogalamu ya amayi oyembekezera. Tatsiriza za mphuno, titsikire m'chiuno. A Sisitala, mayi wa miyezi 7 akamayenda ngati wanyamula katundu wosaoneka, dzanja lili kumsana, chimakhala chikuchitika n'chiyani?

NAMWINO: Chiuno cha munthu si fupa limodzi. Ndi mafupa olumikizana malo atatu: awiri kumbuyo, kumunsi kwa msana, ndi amodzi kutsogolo, pachinena. Zili ngati mafuwa atatu: limodzi likasuntha, mphika wonse umapendama. Munthu asanaime, malo atatuwa amakhala omangika zolimba. Akaima, mahomoni, kuphatikizapo ina yotchedwa relaxin, amafewetsa minyewa yomanga mafupawo pokonzekera njira ya mwana. Pamwamba pa izo mimba ikulemera, ikukokera thupi kutsogolo, msana ukupindika. Ndiye mayi amamva kuwawa pachinena, m'matako, nthawi zina kutsikira m'ntchafu. Ena amamva fupa likulira akamatembenuka pogona. Nawonso ndi pafupifupi mmodzi mwa asanu. Mwana sizimukhudza, ndipo ambiri amachira bwinobwino mwa njira yachibadwa.

WOULUTSA: Akuluakulu amati mayi woyembekezera asakhale manja lende, azigwira ntchito kuti adzachire msanga.

NAMWINO: Akuluakuluwo ananena zoona mbali imodzi. Kugona tsiku lonse kumalimbitsa thupi ngati thabwa, ululu n'kuwonjezeka. Ngakhale bungwe la World Health Organization, m'malangizo ake a sikelo a chaka cha 2016, limati mayi azichita zolimbitsa thupi nthawi yonse ya pakati kuti apewe kuwawa kwa msana ndi chiuno. Koma tiyeni tinene chilungamo. Mayi wa ku Epworth vuto lake si ulesi. Malinga ndi kalembera wa 2022, kuno kuli anthu opitirira 200,000, ndipo makomo ambiri alibe mpopi. Chidebe cha malita 20 chimalemera makilogalamu 20. Mayi amachikweza yekha kuchokera pansi kufika pamutu, ayende nacho, abwererenso, kangapo patsiku. Akatero achape ataweramira pansi. Wina adzuke m'bandakucha kukapikula tomato ku Mbare Musika, akwere kombi mu Chiremba Road atapanikizika, dengu lili pamiyendo, kenako aime pamsika mpaka dzuwa kulowa. Kunyumba kuli mwana wa zaka ziwiri wofuna kunyamulidwa. Chiuno chofewa chija chingapirire zonsezi?

WOULUTSA: Ndikuona mbali yathu ija yafika.

NAMWINO: Yafika. Bambo, madzi ndi anu tsopano. Ngati mukuchita manyazi kusenza pamutu, bwerekani wilibala, muikemo zigubu. Achimwene ake a mayiyo, alamu, ana okulirapo, aliyense agwirepo. Ine ndikhoza kupereka Panado mwezi wathunthu, koma ngati chidebe chili pomwepo ululu subwerera m'mbuyo. Apongozi nawonso ndikuwapempha: mtengwa akati chiuno chikuwawa, musamuyankhe kuti ife tinabereka khumi tikulima. Matupi amasiyana.

WOULUTSA: Nanga mayi amene ali yekha, bambo ali ku South Africa kapena kulibe?

NAMWINO: Alipo ambiri, ndipo sindingawauze kuti asatunge madzi. Achepetse mlingo. M'malo mwa chidebe chimodzi chodzaza, atenge zigubu ziwiri zing'onozing'ono, china dzanja ili china dzanja ilo, kuti thupi lisapendekere mbali imodzi. Ponyamula chinthu pansi apinde mawondo, msana uli chilili, katunduyo ali pafupi ndi thupi, ndipo asapotoke chiuno atanyamula. Pochapa, beseni likhale pamwamba, pampando kapena panjerwa, iye atakhala. Tsache la mpini wautali ndi labwino kuposa lathu lija loweramira. Mwana wamng'ono asamunyamulire pachiuno mbali imodzi. Akhale pansi, mwanayo akwere yekha pamiyendo.

Tsono pali lamulo limodzi losavuta kukumbukira: miyendo isatalikirane, ndipo musaimire mwendo umodzi. Povala kabudula wam'kati, siketi kapena nsapato, khalani pansi. Podzuka pogona, gubudukirani kumbali mawondo ali pamodzi, mutsitse miyendo yonse iwiri, mudzikankhe ndi manja. Potsika kombi chimodzimodzi, ndipo kondakitala akakufulumizitsani, musiyeni akuwe. Poyenda, ponyani mapazi pafupipafupi. Pogona, gonerani kumbali, pilo kapena nsalu yopinda ili pakati pa mawondo. Makamaka kuyambira masabata 28 timalimbikitsa kugonera kumbali osati chagada, chifukwa magazi amafika bwino kwa mwana.

WOULUTSA: Ndamvapo za malamba omanga m'chiuno. Amene aja si a anthu a ndalama?

NAMWINO: A m'famase ndi odula, inde. Koma chitenje chili m'nyumba iliyonse. Chipindeni m'litali chikhale ngati lamba wotambalala, muchizungulize m'munsi mwa mimba, pamafupa a chiuno penipeni, osati pamimba. Mangani mogwira koma mukupuma bwino. Valani poyenda ndi pogwira ntchito, pogona masulani. Madzulo nyikani kansalu m'madzi ofunda muthowe kumsana, kapena wina akusisiteni pang'onopang'ono kumunsi kwa msanako. Kumsana, osati kukanya mimba. Palinso kachizolowezi kothandiza: gwadani, manja pansi, mukweze msana m'mwamba pang'onopang'ono, mubwezere, kangapo. Kumapepuza msana. Ululu ukafika poti mayi akulephera kuyenda, pemphani kalata kusikelo, zipatala zazikulu monga Sally Mugabe, Parirenyatwa ndi Chitungwiza Central zili ndi madokotala a mafizo.

WOULUTSA: Ena amadandaula manja, ena miyendo kukokana usiku.

NAMWINO: Dzanzi la m'zala, makamaka chala chachikulu ndi ziwiri zotsatira, limabwera chifukwa madzi ochuluka m'thupi amapanikiza mtsempha pamkono. Limavuta usiku. Musagonere dzanja, musalipinde, ndipo kufinya zovala zolemera ngati mabulangete siyirani ena. Katumba akakokana, wongolani mwendo, mukokere zala za phazi kumaso kwanu, wina asisite. Zikachuluka tiuzeni, pali zimene timapereka. Matemba odya ndi minga yomwe, mkaka, lakito, masamba obiriwira ndi nyemba zisasowe m'mbale mmene mungathere.

WOULUTSA: Tifike pa funso limene aliyense akudikira. Ululu wavuta usiku, chipatala chatseka. Amwe chiyani?

NAMWINO: Panado, amene dzina lake lenileni ndi paracetamol. Mapiritsi a mamiligalamu 500, limodzi kapena awiri, ndipo pazidutsa maola osachepera anayi musanamwenso. Pa tsiku lathunthu, usana ndi usiku, asapyole 8. Imwani pamene pakufunikira, masiku ochepa. Mukaona kuti mukumwa tsiku ndi tsiku, bwerani tikuoneni. Onetsetsaninso kuti simukumwa paracetamol kawiri osadziwa, chifukwa amapezekanso m'mankhwala osakaniza aja, ndipo akachuluka amawononga chiwindi.

WOULUTSA: Komatu pa WhatsApp panayenda uthenga wakuti Panado amasokoneza ubongo wa mwana.

NAMWINO: Unayendadi, makamaka mu Seputembala 2025 akuluakulu a boma la America atayankhulapo. Bungwe la World Health Organization linayankha kuti palibe umboni wotsimikizika wa zimenezo. Chaka cha 2024 kunatuluka kafukufuku wa ku Sweden amene anaona ana oposa 2 miliyoni, ndipo atayerekeza ana a mayi mmodzi, wina mayiyo anamwa ali ndi pakati pake, wina sanamwe, sanapeze kusiyana. Chimene tikuchidziwa bwino n'chakuti kutentha thupi kosiyidwa osachiza ndiko kumaika mwana pangozi. Ndipo mayi akaopa Panado amathamangira kwa ena amene ndi oopsadi.

WOULUTSA: Atchuleni mayina, anthu amve.

NAMWINO: Brufen, amene ndi ibuprofen. Diclofenac. Indocid, amene akwathu ambiri amamukhulupirira pa nyamakazi. Ndi aspirin wa mlingo waukulu, amene ali mu ufa uja wa Grand-Pa komanso mu Med-Lemon. Onsewa ndi banja limodzi. Mu Okutobala 2020, bungwe loona za mankhwala ku America, la FDA, linachenjeza kuti kuyambira masabata 20 mankhwala amenewa amatha kufooketsa impso za mwana. Mudziwe kuti madzi amene mwana amasambiramo, pa msinkhu umenewo, ambiri amachokera mu mkodzo wake. Impso zikafooka madzi amachepa. Kuyambira masabata 30 pali ngozi ina: mwana ali ndi kamtsempha pafupi ndi mtima kamene kamayenera kutseka atabadwa, ndipo mankhwalawa amatha kukatseka nthawi isanakwane. Opaka nawonso, a diclofenac kapena otentha aja onunkhira ngati Deep Heat, funsani kaye. Mapiritsi ndi mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine musamwe popanda dokotala.

Koma pano ndisamale, ndingasokoneze anthu. Alipo amayi amene kusikelo tinawapatsa aspirin wamng'ono, wa mlingo wochepa, woti azimwa tsiku lililonse pofuna kupewa BP ya pakati. Ameneyo pitirizani. Ma ARV pitirizani, osadumphitsa. Wa mphumu asasiye chopopera chake. Mapiritsi owonjezera magazi pitirizani. Chimene ndikuletsa ndi kudzigulira.

WOULUTSA: Wina akumvera pano mtima wagunda, chifukwa dzulo lomweli wamwa Brufen.

NAMWINO: Asade nkhawa mopyola. Ngozi imakula munthu akamamwa masiku ambiri. Asiye lero, ndipo akatiuze kusikelo. Sitimukalipira.

(Nyimbo yaifupi)

WOULUTSA: Mwanena kuti zambiri mwa izi ndi za pakati chabe, zimatha zokha. Kodi palibe pamene mphuno kapena kuwawa kwa mafupa kumabisa matenda enieni?

NAMWINO: Palipo, ndipo apa amayi atchere khutu. Choyamba ndi kutentha thupi. Mphuno ya pakati siitenthetsa thupi. Thupi likatentha, mukuphwanya m'mfundo monse, mukunjenjemera, pitani tsiku lomwelo. Fuluwenza imagwetsa mayi woyembekezera kuposa munthu wina. Komanso ife ndife anthu apaulendo. Mu Harare malungo si ambiri, koma ngati mwapita kumudzi ku Malawi kudzera pa Nyamapanda ndi Tete, kapena munali ku Mutoko ndi Mudzi, nenani zimenezo pachipatala kuti akuyezeni magazi. Mukapanda kunena, namwino wa mu Harare sangaganize za malungo msanga. Chifuwa chosatha, kutuluka thukuta usiku, kuonda, kayezetseni TB. Kupuma movutikira kapena kuwawa pachifuwa, musadikire kuche. Mphuno ikatseka masiku opitirira 10 ndi mamina olimba, nkhope ikuwawa mbali imodzi, imeneyonso ndi ya kuchipatala. Kamfuno akayamba, khalani tsonga, weramirani kutsogolo, tsinani mbali yofewa ya mphuno mphindi 10 mpaka 15 osasiya. Akapanda kuleka, kapena akamabwerabwera, tikuyezeni BP.

WOULUTSA: BP mwaitchula kangapo lero.

NAMWINO: Chifukwa ndi imodzi mwa zimene zimapha amayi oyembekezera m'dziko muno, ndipo imabwera mwakachetechete. Mayi amati mutu ukuwawa chifukwa cha mphuno, manja atupa chifukwa cha kuchapa. Mutu wowawa kwambiri wosamva Panado, maso kuchita chidima kapena kuona tinyenyezi, nkhope ndi manja kutupa mwadzidzidzi, kuwawa kunsi kwa nthiti makamaka kumanja: chimodzi chokha mwa izi, nyamukani, kaya ndi pakati pa usiku. Mwamuna akaona mkazi wake wayamba kuliza mkonono kwambiri pamene kale sankatero, mpaka kumabanika m'tulo, atiuzenso, chifukwa nthawi zina zimayendera limodzi ndi BP.

Kumbali ya miyendo, kutupa pang'ono mapazi onse awiri madzulo n'kozolowereka. Koma mwendo umodzi wokha ukatupa, katumba akuwawa, akutentha, musausisite. Akhoza kukhala magazi oundana mumtsempha, ndipo kusisita kungawasunthe. Bondo kapena mfundo imodzi ikatupa, kufiira ndi kutentha, imeneyo si ya pakati. Msana wowawa mobwera ndi kupita, mimba ikulimba, masabata 37 asanakwane, akhoza kukhala matenda oyamba nthawi isanafike. Kuwawa m'mbali mwa msana pamodzi ndi kuotcha pokodza, ndi impso. Magazi, madzi kutuluka, kapena mwana kuchepetsa kusuntha, zimenezo simufunsa mneba.

WOULUTSA: Apite kuti?

NAMWINO: Kumene analembetsa sikelo, kaya ndi ku Epworth Polyclinic ku Domboramwari, kaya ku Overspill, kaya chipatala china chapafupi. Zikakula anamwino amatumiza okha ku chipatala chachikulu. Ndalama ya galimoto ya usiku isungidwe padera kuyambira lero, ndi nambala ya woyendetsa amene mumamudalira. Amene sanalembetse, malangizo a masiku ano ndi akuti mayi ayambe sikelo masabata 12 asanakwane, ndipo aonedwe maulendo 8. Ambiri amabwera mimba itakula kale, ndipo miyezi imene mankhwala ogula mumsewu amawononga kwambiri imakhala itadutsa tisanaonane.

WOULUTSA: Nthawi yatithera. Kanthu komaliza koti mayi achite mawa m'mawa?

NAMWINO: Asonkhanitse mankhwala onse amene ali m'nyumba, a m'kabati, a m'chikwama, ogula, opatsidwa ndi mnzake, ngakhale mizu ndi masamba, aike m'kajumbo. Pobwera kusikelo abwere nako pamodzi ndi khadi lake. Tidzakhala pansi, tisankhe limodzi: awa imwani, awa sungirani bambo, awa tayani.

WOULUTSA: Amene mwatsegula mochedwa, muyeso wa madzi a mchere uja ndi theka la sipuni yaing'ono mu kapu imodzi ya madzi owiritsa.

(Nyimbo yotsekera)